Mudzi wa Kluki ndi Anthu Amene Cinenero Cao Cinatha

Mau kwa aphunzitsi: Phunziro lisanayambe, pacikani mapu a Ulaya pamalo pamene ana onse angaone, ndipo lembani pa bolodi maina awa: Poland, Baltic, Słupsk, Łebsko, Kluki. Cilembo ca Cipolishi cokhala ndi kamzera pakati, Ł, cimachulidwa monga w wathu. Ana akhale ndi mapensulo ndi mabuku ao olembamo.

Lero tiyenda ulendo wautali kupita kumpoto, ku dziko la Poland, kukaona mudzi waung'ono dzina lake Kluki. M'mudzi umenewu muli nyumba zofolera ndi bango, makola, maukonde ndi mabwato, zonse zosamalidwa bwino. Koma mabanja amene anamanga nyumbazo anacokamo, ndipo cinenero cimene makolo ao ankalankhula palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene acilankhula lero. Anthu amenewa ankachedwa Aslovinci. Tifuna kuyankha mafunso awiri. Loyamba, zimatheka bwanji kuti cinenero ca anthu cithe? Laciwiri, anthu apindulanji posunga nyumba zimene eni ake anazisiya?

Tiyambe ndi malo. Aphunzitsi, lozani pa mapu nyanja ya Baltic. Iyi ndi nyanja ya madzi a mcere imene ili kumpoto kwa Poland. Dera la m'mphepete mwa nyanjayi lichedwa Pomerania, ndipo dzinali licokera ku mau a Cisilavo otanthauza kuti dziko la m'mbali mwa nyanja. M'dera limeneli muli tauni ya Słupsk. Munthu akacoka ku Słupsk ndi kuyenda makilomita pafupifupi 40 kulowera kumpoto cakum'mawa, afika pa nyanja ina yaing'ono yochedwa Łebsko. Nyanja imeneyi ndi yacitatu kukula mwa nyanja zonse za m'kati mwa Poland, ndipo ukulu wake ndi masikweya kilomita pafupifupi 71. Koma ndi yosazama, ndipo m'mbali mwake mwadzala bango ndi zithaphwi. Kumadzulo kwake kuli nyanja inanso yocepa, ya Gardno. Mudzi wa Kluki uli pagombe la kumadzulo la Łebsko.

Pakati pa Łebsko ndi nyanja ya Baltic pali kamtunda kakang'ono kamcenga wokha-wokha. Pamenepo pali cinthu codabwitsa, ndico mapiri a mcenga amene amayenda. Mafunde amataya mcenga pagombe, dzuwa limauumitsa, ndipo mphepo yocokera kumadzulo imaunyamula ndi kuuunjika. Ena mwa mapiri amenewa amatalika kuposa mamita 30, ndipo caka ciri conse amasendera cakum'mawa mamita angapo, kukwirira mitengo ndi cina ciri conse cimene apeza panjira. Tauni yakale ya Łeba inaonongedwa ndi namondwe m'caka ca 1558, ndipo pambuyo pake anthu anaisiya, nakamanga ina tsidya lina la mtsinje. Pamalo akalewo patsala cigumula ca khoma la chalichi pakati pa mcenga ndi mitengo. Cifukwa ca zodabwitsa zimenezi, boma la Poland linasandutsa dera lonseli kukhala nkhalango yotetezedwa m'caka ca 1967, ndipo linaicha dzina la Aslovinci.

Tsono ganizani, ana inu. Kumpoto kuli mcenga ndi nyanja yaikulu, kum'mawa kuli nyanja ya Łebsko, kumwera ndi kumadzulo kuli madambo a matope. Mudzi wokhala pamalo otere ndi wovuta kufikako. Kumbukirani mfundo imeneyi, pakuti tidzaifunanso patsogolo.

Nanga Aslovinci anali ayani? Iwo anali a mtundu waukulu wa Asilavo, umene muli Apolishi, Arasha, Aceki ndi ena ambiri. Abale ao eni-eni ndi Akashubi, amene akhala cakum'mawa, kufupi ndi mzinda wa Gdańsk. Akatswiri ena amati Cislovinci cinali cinenero pa cokha, ena amati cinali kalankhulidwe kena ka Cikashubi. Cimene cinasiyanitsa magulu awiriwa kweni-kweni cinali cipembedzo ndi ulamuliro. M'caka ca 1534 mafumu a Pomerania analandira ciphunzitso ca Martin Luther, kotero Aslovinci anakhala a mpingo wa Lutheran, pamene Akashubi ambiri anakhalabe Akatolika. Patapita zaka zoposa 100, dziko la Aslovinci linalowa m'manja mwa olamulira a ku Brandenburg, amene pambuyo pake anakhala mafumu a Prussia, ndipo m'caka ca 1871 linakhala mbali ya ufumu wa Germany.

Tsopano tione m'mene anthuwa ankakhalira. Nthaka ya ku Kluki ndi yosabereka, kwina mcenga, kwina thope. Ankalima mbatata za kacewere ndi mbeu yonga tirigu yochedwa rye, ndiponso ankaweta ng'ombe, nkhumba ndi atsekwe. Koma moyo wao weni-weni unali m'madzi. Amuna anali asodzi, ndipo mwa nsomba zimene ankagwira munali mikunga, nsomba zija zazitali zonga njoka. Nyengo ya cisanu kumeneko kumazizira kotero kuti madzi a pamwamba pa nyanja amaundana ndi kulimba ngati mwala, mpaka munthu ndi kuyendapo. Asodzi sanali kuleka nchito. Ankaboola maenje m'madzi oundanawo motsatana, nalowetsa khoka pa dzenje limodzi, ndipo ndi mitengo yaitali ankakankha zingwe zake pansi, kucoka pa dzenje lina kufika pa linzake, mpaka kukaturutsira khokalo patali. Nchito yotere munthu mmodzi sangaithe. Cifukwa cake asodzi ankakhala m'magulu. Munthu ali yense ankabweretsa gawo lake la ukonde ndi mphamvu zake, ndipo nsomba ankagawana.

Cina cimene alendo amakonda kuona ku Kluki ndi nsapato za akavalo. Musaseke, ana inu, ndi zoona. Kavalo ndi nyama yolemera, ndipo ziboda zake ndi zazing'ono. Akaponda pa dambo amatitimira. Tsono Aslovinci ankapanga nsapato zazikulu, zina zamatabwa zina zoluka, nazimangirira ku ziboda za akavalo ao. Kodi nsapato zimenezi zinkathandiza bwanji? Yesani nokha. Tengani kamtengo kosongoka ndi kukabaya pa thope, muona kuti kalowa msanga. Kenaka ikani thabwa pa thope lomwelo ndi kulikanikiza ndi mphamvu yomweyo, muona kuti likana kulowa. Kulemera kukagawika pamalo otambalala, thope limatha kukunyamula. Anthu amenewa sanawerenge zimenezi m'buku la sayansi, koma anazidziwa poyang'anitsitsa dziko lao.

Nanga moto ankasonkha ndi ciani m'dziko lozizira cotere? Pansi pa madambo ao panali dothi lakuda limene limayaka likauma. Dothi limeneli limapangika motere: udzu, bango ndi ndere zikafa m'madzi osayenda, siziola kweni-kweni cifukwa m'madzimo mulibe mpweya wokwanira. Zimangounjikana, zatsopano pamwamba pa zakale, ndi kupanikizana. Nchito imeneyi imacedwa zedi, pakuti pa caka dothili limakwera pafupifupi milimita imodzi yokha. Amene mudziwa masamu mwaona kale kuti mita imodzi ya dothi lotere ifuna zaka pafupifupi 1,000.

Cisanu cikatha, ca m'mwezi wa May, anthu ankapita ku dambo kukakumba dothili. Ankalidula m'zidutswa zonga njerwa, naziyanika kuti ziume m'miyezi ya dzuwa, ndipo ndizo zinali nkhuni zao za caka conse. Banja limodzi silikanatha kukumba lokha dothi lokwanira. Monga adanenera akulu, mutu umodzi susenza denga. Motero mudzi wonse unkasonkhana kukumbira banja limodzi, kenaka lina, mpaka mabanja onse atakwana. Mwini nchito ankaphika cakudya cambiri, ndipo madzulo anthu ankadya ndi kusangalala ngati pa ukwati. Popeza onse ankabwera atada bii ndi matope, mwambowu unachedwa Ukwati Wakuda, pa Cipolishi Czarne Wesele. Inu amene munaonapo dima kumudzi kwanu, pamene anthu amalimira mnzao munda iye nawaphikira cakudya kapena kuwafululira mowa, mwamvetsa kale tanthauzo lake.

Nyumba zao ankamanga ndi zinthu zopezeka pomwepo. Ankayamba ndi kulumikiza mitengo yoongoka ndi yopingasa, ndipo mipata ya pakati ankaimata ndi dothi losanganiza ndi udzu. Mitengoyo inkakhala yakuda, makoma ankawapaka njereza, kotero nyumba inkaoneka ya mabokosi oyera m'mizera yakuda. Denga linali la bango locokera m'mbali mwa nyanja, lofolera mocindikala kuti mvula ndi cisanu zisalowe. Akazi ankapota ulusi ndi kuomba nsalu, ndipo buledi ankaphika m'mauvuni omangidwa panja, poteropo ndi nyumba, kuopa kuti moto ungagwire denga.

Tsopano tafika pa funso lathu loyamba. Cinenero ca anthu amenewa cinatha bwanji?

Poyamba mpingo unkasamala kuti anthu amve mau a Mulungu m'cinenero cimene akanatha kumva. M'caka ca 1586 mbusa Szymon Krofey wa ku Bytów anasindikiza buku la nyimbo za m'chalichi, ndipo m'caka ca 1643 mbusa Michał Pontanus wa ku Smołdzino, mudzi woyandikana ndi Kluki, anasindikiza katekisimu. Mabuku amenewa analembedwa m'Cipolishi cosanganiza ndi mau a kumeneko. Koma m'kupita kwa nthawi zinthu zinasintha. Boma linkalankhula Cijeremani. Sukulu zinkaphunzitsa m'Cijeremani. Mnyamata akapita ku usilikali kapena kukafuna nchito ku tauni, ankalankhula Cijeremani. M'zaka za m'ma 1800 machalichi a m'derali analeka, limodzi-limodzi, kulalikira m'cinenero ca makolo.

Taonani m'mene zimayendera m'banja. Agogo alankhula cinenero cakale cokha. Ana ao alankhula ziwiri, cakale kunyumba, catsopano kusukulu ndi kumsika. Anawa akakula aona kuti wolankhula cakale amasekedwa ndi kuyesedwa wosaphunzira, tsono poti afunira ana ao zabwino, awalankhula m'cinenero catsopano cokha. Adzukulu amamva pang'ono zimene agogo anena, koma kuyankha sangathe. Agogo akamwalira, cinenero calowa nao m'manda. Sipafunika zaka zambiri. Mibadwo itatu ikwanira.

Mukumbukira kuti Kluki unali mudzi wovuta kufikako? Ndico cifukwa cake cinenero cakale cinakhalitsa kumeneko ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa Łebsko ndi Gardno, pamene kwina konse cinali citazimirira. M'caka ca 1856 katswiri wa ku Russia, Aleksandr Hilferding, anayendera midzi imeneyi, ndipo buku lake la m'caka ca 1862 ndilo linachukitsa dzina loti Aslovinci pakati pa anthu ophunzira. Pambuyo pake kunadza Mjeremani wina, Friedrich Lorentz. Iye anakhala pansi ndi nkhalamba, nalemba mau ao monga momwe ankawachulira. M'caka ca 1903 anasindikiza buku la malamulo a cinenero cimeneci, m'caka ca 1905 buku la nthano ndi nkhani zao, ndipo pakati pa 1908 ndi 1912 buku lotanthauzira mau. Iye anafika nthawi itatsala pang'ono kutha, pakuti olankhula bwino anali okalamba okha-okha. M'zaka zotsatira anthu a ku Kluki ankalankhula Cijeremani, ngakhale kuti mau ena akale, maka-maka a usodzi ndi maina a malo, anatsalira m'kamwa mwao.

Kenaka kunadza tsoka laciwiri. Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itatha m'caka ca 1945, malire a maiko anasunthidwa, ndipo dera limeneli linaperekedwa kwa Poland. Ajeremani okhala kumeneko analamulidwa kucoka, ndipo m'nyumba zao munalowa Apolishi, ambiri a iwo othamangitsidwanso kwao ndi nkhondo yomweyo. Nanga Aslovinci akanawerengedwa mbali iti? Makolo ao anali Asilavo monga Apolishi, koma iwo ankalankhula Cijeremani ndi kupemphera mu mpingo wa Lutheran. Ambiri anayesedwa Ajeremani, nacotsedwa. Mabanja ena a ku Kluki analoledwa kutsala, koma anakhala ngati alendo m'mudzi wa makolo ao, ndipo kukhalirana ndi obwera kumene kunali kovuta. Pang'ono ndi pang'ono naonso anapempha cilolezo copita ku Germany, ndipo pofika kumapeto a zaka za m'ma 1970 pafupifupi onse anali atapita. Kale mudziwu unali ndi zigawo zitatu, koma lero catsala cimodzi. Kumanda a mudziwo kukali mitanda yacitsulo ya makolo ao.

Apa ndipo tiyankhe funso laciwiri. Mabanja otsiriza asanathe kucoka, anthu ena a ku Poland anaona kuti ngati sacitapo kanthu, nyumba zidzagwa, zipangizo zidzaola, ndipo sipadzatsala cizindikiro coti pano panakhala anthu. Motero m'caka ca 1963 anatsegula malo osungiramo zakale m'nyumba za banja limodzi la m'mudzimo. Malowo anakula, ndipo lero achedwa Muzeum Wsi Słowińskiej, ndiko kuti Myuziyamu ya Mudzi wa Aslovinci. Ili pansi pa myuziyamu yaikulu ya ku Słupsk. Ili pa malo a mahekitala pafupifupi 10, ndipo muli nyumba pafupifupi 20. Zina zaima pomwe eni ake anazimanga, zina zinaphwasulidwa mosamala m'midzi yoyandikana ndi kudzamangidwanso pamenepo.

Myuziyamu yotere ndi yosiyana ndi zija zimene zinthu zimaikidwa m'magalasi m'nyumba imodzi yaikulu. Iyi ndi ya pabwalo. Mlendo amayenda kucoka pa khomo lina kupita pa lina, nalowa m'nyumba, naona mphika pa moto, kama pamalo pake, ukonde uli pomwe msodzi akanaupacika. Cinthu cikakhala pamalo pake cimadzifotokoza cokha. Nzeru imeneyi inachuka kucokera ku Sweden, kumene Artur Hazelius anatsegula malo ochedwa Skansen mumzinda wa Stockholm m'caka ca 1891, ndipo mpaka lero Apolishi amacha myuziyamu iri yonse ya pabwalo kuti skansen. Kwathu kuno ku Zambia, amene munafikako ku Kabwata mu Lusaka munaona nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zimene boma la atsamunda linamangira anchito aciAfirika. Zambiri zinagwetsedwa, koma zina zinasungidwa m'caka ca 1974 kuti zikhale mudzi wa miyambo ndi zosema.

Ku Kluki, masiku oyamba a mwezi wa May, amacitanso Ukwati Wakuda. Alendo ambiri amasonkhana kudzaona m'mene dothi loyaka linkakumbidwira, m'mene akavalo ankavalira nsapato, ndi kulawa buledi wophikidwa m'uvuni wakale. Ana a sukulu a ku Poland amaphunzirapo kuti dziko limene akhalamo linali ndi eni ake ena kale, anthu anzeru ndi akhama, oyenera kuwakumbukira mwaulemu. Zidzukulu za amene anapita ku Germany zili ndi pofikira zikafuna kuona kwao kwa makolo. Limeneli ndi phindu lalikulu.

Komabe pali cimene myuziyamu singathe kucita. Ingasunge bwato, koma singabwezere mau amene asodzi ankaitanirana pa nyanja. Ingasunge kama wa mwana, koma singabwezere mau amene mai ankatonthozera mwanayo. Mau a Cislovinci ali m'mabuku a Lorentz, koma palibe mwana amene amawaphunzira pa miyendo ya amake. Madzi akatayika saoleka. Yerekezani ndi abale ao Akashubi. Iwo sanaleke kulankhula ndi ana ao m'cinenero cao, ndipo m'caka ca 2005 lamulo la Poland linacivomereza monga cinenero ca m'cigawo. Lero cimaphunzitsidwa m'sukulu ndi kulembedwa pa zikwangwani za m'miseu.

Ana inu, dziko lathu lili ndi mitundu 73, koma zinenero zimene zinasankhidwa kuti zizimveka pa wailesi ya boma ndi kuphunzitsidwa m'sukulu ndi 7 zokha: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Ena mwa inu kunyumba mumalankhula Cinsenga, Citumbuka, Cikunda, Cisoli kapena cinenero cina. Phunzirani Cingerezi ndi mtima wonse, pakuti cidzakutsegulirani makomo ambiri. Koma agogo anu akakulankhulani m'cinenero cao, ayankheni m'cinenero comweco, ndipo musamseke mnzanu cifukwa ca kalankhulidwe ka kwao. Mutu wa munthu uli ndi malo okwanira zinenero ziwiri, zitatu, ngakhale zinai.

Nchito yanu ya sabata ino ndi iyi. Coyamba, jambulani mapu osonyeza nyanja ya Baltic, mapiri a mcenga, nyanja ya Łebsko ndi mudzi wa Kluki. Caciwiri, werengerani zaka zimene zingapite kuti dothi loyaka lifike mamita 3. Cacitatu, fotokozani m'mau anu zifukwa zitatu zimene zinathetsa Cislovinci. Cacinai, pitani kwa munthu wacikulire wa m'mudzi kapena m'komboni mwanu, mupereke moni mwaulemu, ndipo mupemphe kuti akuuzeni maina 10 a zipangizo zakale zimene acinyamata sazidziwa, pamodzi ndi nchito yake ya ciri conse. Lembani mau amenewo monga momwe iwo awachulira.

Aphunzitsi, sonkhanitsani mau amene ana abweretse m'buku limodzi la kalasi, ndipo lembani tsiku ndi mudzi kumene mau ali onse acokera. Ngati makolo alola kubwereketsa nsengwa, mono, cipande kapena khasu lakale, konzani kangodya m'kalasi kosungiramo zinthuzo, ciri conse ndi kapepala ka dzina lake. Ndi mmene Lorentz anayambira, ndi pensulo ndi khutu lomvetsera.